Mayi Noeleen ku Firiji

Mayi Beryl anali atanyamula mbale ya nyama ya nkhosa ndi manja awiri pamene a Clarrie Trewin anawauza kuti abwerere nayo. Anawauzira pageti la famu, iwo ali mkati, geti lili chitsekere.

"Zikomo alamu, koma pano palibe maliro."

Narelle anamva mawuwo akutsika m'galimoto. Anali atayendetsa maola asanu ndi limodzi kuchokera ku Wollongong kumene amaphunzitsa, maso atatupa ndi kulira, ndipo choyamba kuona pakhomo pa makolo ake chinali mzere wa mbale m'mphepete mwa waya. Zinalipo zisanu ndi ziwiri, iliyonse yovundikira ndi kansalu, nyerere zitayamba kale kuzizungulira. Kuno ku Tumbarra munthu akamwalira sitifunsa kuti tithandize chiyani. Timaphika n'kukasiya pakhomo, ndipo ofedwa sayatsa moto kwa milungu iwiri. Zobweza mbale yodzaza, chibadwire changa ndinali ndisanazimvepo, ndipo Mayi Beryl, omwe akhala moyandikana ndi a Trewin kwa zaka makumi anayi, anangoima ndi mbale yawoyo kusowa koiika.

"Adadi, mukuchita chiyani? Amami ali kuti?"

"Ali ku Firiji."

Narelle anayesa kuti bambo ake akunena nyumba ya chisoni ya kuchipatala. Koma ataona kuti Mayi Beryl azyolika, anazindikira Firiji yomwe akunena.

Firiji ndi chinyumba choyera chopanda mawindo chomwe chili pamsewu wafumbi wodutsa kuseri kwa famu ya a Trewin. Chinamangidwa ndi kampani ina ya ku Sydney zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mkati mwake amasungamo anthu akufa, atawaumitsa ndi kuzizira, poyembekeza kuti madokotala a m'tsogolo adzapeza njira yowadzutsira. Eni ake anachipatsa dzina lalitali lomwe palibe amalikumbukira. Ife timangoti ku Firiji.

Ndipo m'tauni monse muno, ngati panali munthu amene anadana ndi Firiji ndi mtima wake wonse, anali Mayi Noeleen Trewin, mayi ake a Narelle. Anali mayi wamfupi, wa chipewa chachikulu kuposa mapewa ake, amene anatigwiritsa ntchito Loweruka lililonse yobzala mitengo m'mbali mwa mtsinje mpaka misana inatipweteka. Ukataya kachitini pamsewu ankakatola n'kukubweretsera kunyumba. Sitinkawakonda tsiku lililonse, koma achule omwe anali atasowa mumtsinje anabwerera chifukwa cha iwo. Nkhani ya Firiji itabwera anaigwira pakhosi. Ankawerenga malole obweretsa nayitrojeni, madzi ozizira koopsa omwe amathira m'mathanki osungiramo anthuwo. Lole imabwera Lachiwiri lililonse kuchokera kutali, makilomita mazana asanu. Iwo ankafunsa pawailesi kuti loleyi idzaleka liti kubwera. Zaka zana? Mazana awiri? Kutenthera mafuta anthu amene anadya kale gawo lawo la dziko?

Za iwo eni anali atakonza kalekale. Ankafuna kudzakulungidwa m'nsalu ya ubweya wa nkhosa zawo, popanda bokosi, n'kuikidwa pansi pa mitengo ya bulugamu pafupi ndi mtsinje, pafamu pomwepo. Chilolezo cha khonsolo anali nacho, ndipo pamalopo anakhomapo okha zikhomo zinayi.

Lamulungu m'mawa anagwa akuyanika zovala. Ambulansi inawatenga, koma kuchipatala dokotala anangogwira apa ndi apo n'kupukusa mutu. A Clarrie anaimbira foni Narelle. Kenako anaimbira mnzawo Doug, mwamuna wa Mayi Beryl. Kenako, ataima okha pakhonde la chipatala, anaimba nambala yachitatu, yomwe sanailembepo paliponse koma inali itawakhazikika m'mutu: nambala yolembedwa pachitseko cha lole ija, yomwe inkadutsa kuseri kwa khola lawo sabata ndi sabata. Anthu a ku Firiji anafika mphindi makumi awiri zisanathe, ndi matumba a ayezi. Sanafunse ndalama. A Clarrie anasaina pomwe anawalozera.

Nthawi yomweyo Doug, atamva uthenga, anachita zomwe mnansi amachita. Analiza thirakitala yake yokumbira, analowa pafamu ya a Trewin osapempha, n'kukumba pakati pa zikhomo zinayi zija. Dzuwa lisanafike pamutu manda anali atatha. Mwini wake ndiye sanabwere.

Zonsezi Narelle anazimvera m'khitchini, bambo ake akufotokoza ngati akunena za nkhosa yomwe yapita kwa dokotala wa ziweto. Anawakalipira. Anawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino, ngati aiwala munthu amene akhala naye moyo wawo wonse. A Clarrie, mwamuna wamtali wosakonda zoyankhulayankhula, anangokhala akuzunguza kapu patebulo.

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, Narelle. Dokotala uja anangoyang'ana wotchi n'kunena kuti basi. Wotchi. Ajawa okha ndi amene anandiuza kuti chochita chilipo."

"Chochita chake chiti, adadi? Amami anamwalira."

"Iwo akuti akudwala."

Pawindo Narelle anaona chingwe cha zovala. Theka lake linali lodzaza, theka lopanda kanthu, ndipo dengu linali pansi pomwe mayi ake analisiya, zovala zotsala zitaumira momwemo. Malaya awiri a bambo ake ankagwedezeka, mikono ili lendelende, ngakhale kunja kunalibe mphepo yoti munthu n'kuimva. Atanyamuka kuti akaanule, a Clarrie anamuletsa. Anati mayi ako sakonda kuti wina awamalizire ntchito.

Lachiwiri anapita onse awiri ku Firiji. Anawalandira mkulu wa pamalopo, a Kovac, bambo wa mawu ofewa ndi manja oyera ngati sanagwirepo khasu. Sanapepese maliro. Anati ndi okondwa kuti achibale abwera kudzaona odwala.

Narelle ankayembekezera phokoso la makina, koma mkatimo munali zii. Mathanki asanu ndi imodzi achitsulo chonyezimira anaima mzere, iliyonse kutalika kwake anthu awiri atasanjikizana. Lole inali itangofika, ndipo pamene ankathira nayitrojeni, nkhungu yoyera inkatsika m'mbali mwa mathanki n'kumakwawa pansi mpaka kuphimba nsapato zawo. Inali yozizira ngati dzanja lonyowa pa akakolo. Kwinakwake chitsulo chinkalira pang'onopang'ono, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo.

A Kovac anafotokoza kuti m'thanki iliyonse mumakhala anthu anayi, ndipo amawaika chadodolido, mutu pansi. Akuti n'cholinga choti lole ikadzachedwa tsiku lina, nayitrojeni n'kuchepa, chiyambe kuwonongeka ndi mapazi, mutu ukhale womalizira. Narelle anayang'ana m'munsi mwa thanki yomwe anaima nayo pafupi. Anazindikira kuti pamenepo, molingana ndi mawondo ake, panali nkhope zinayi. Anabwerera m'mbuyo.

Mayi ake sanali m'thanki. Anali m'bokosi lalitali lachitsulo pakona, momwe ankawaziziritsa pang'onopang'ono. Pamwamba pake panali kagalasi koonetsa nambala ya kuzizira kwake: 91 pansi pa ziro. A Kovac ananena monyadira kuti chifukwa choti anaitanidwa msanga, ntchito inayenda bwino kwambiri. Magazi onse anawachotsa, n'kuthiramo mankhwala oletsa ayezi kung'amba mnofu. Lachisanu m'mawa adzakhala atafika pa kuzizira kwa m'thanki, ndipo adzawalowetsa mu yachisanu ndi chimodzi, momwe munali anthu atatu ndi malo amodzi. Akalowa mmenemo thupi limauma ngati galasi, ndipo kulitulutsa lathunthu iwo sakanalonjeza. Wosintha maganizo asinthe asanawalowetse, ndipo akhale yemwe anasaina.

Narelle anapempha kuona nkhope ya mayi ake. Anamukaniza mwaulemu. Ndiye anawafunsa ngati alibe manyazi kusunga munthu amene anawatsutsa mpaka tsiku lake lomaliza. A Kovac sanakwiye. Anayankha ngati munthu amene wayankha funso limeneli kambirimbiri: kuti mathankiwo sadya magetsi, kuti nayitrojeni ndi mpweya womwewu timapumawu, kuti kuwotcha mtembo umodzi kumatulutsa utsi wambiri, ndipo manda amadya malo omwe akanalimidwa.

"Nanga lole?"

A Kovac anamwetulira. "Mwatengera mayi anu."

A Clarrie sanamve zonsezi. Anali ataika chikhatho pabokosi lija, atavula chipewa.

"Noel, ndabwera ndi mwana," anatero chapansipansi.

Nambala inaphethira n'kusintha. 92. A Clarrie anatembenuka n'kumuyang'ana Narelle ndi maso owala, ngati ayankhidwa. Apa Narelle anachita mantha enieni, osati ndi akufa a m'mathanki aja, koma ndi bambo ake.

Pobwerera anawachonderera. Anawakumbutsa zikhomo zinayi, nsalu yaubweya yomwe inali m'kabati, dzenje lomwe linali kudikira. Anati akungopempha chinthu chimodzi, kuti mayi ake akagone pomwe anasankha okha. A Clarrie anayendetsa galimoto mpaka pageti. Atazimitsa injini ndi pomwe anatsegula pakamwa.

"Panopa pali mwina. Ndikasaina pepala lowatulutsa, mwina ameneyo ndamupha ndine."

Tauni yathu ndi yaing'ono ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Pofika Lachitatu nkhani inali mkamwamkamwa, ndipo inafika pa nthawi yoipa, chifukwa Lachinayi khonsolo inali itaitanitsa msonkhano wa anthu onse wokambirana pempho la Firiji loti awonjezere mathanki makumi awiri. Wailesi ya m'dera lathu inatsegula mafoni. Bambo wina anati aliyense amakonda mitengo mpaka imfa itagogoda pachitseko chake. Wina anaseka kuti mwina Mayi Noeleen apita kukawerenga malole ali mkati. Koma amene anapweteka kwambiri anali mayi wina wa m'gulu lawo lomwe lobzala mitengo. Anati wataya Maloweruka a zaka khumi ndi ziwiri kutsatira munthu wachiphamaso, amene pamaso pa anthu ankanyoza Firiji, kuseri atadzisungira malo.

Narelle anamvera zimenezi m'khitchini, misozi ikugwera m'sinki. Sanadziwe kuti bambo ake nawonso akumva mpaka wailesi ya m'shedi yometera nkhosa itazima mwadzidzidzi. Patapita nthawi anawaona akutsetsereka kulowera kumtsinje. Anakaima m'mphepete mwa dzenje lija, pafupi ndi mulu wa dothi lofiira, osagwedezeka, mpaka nkhosa zinawazolowera n'kuyamba kudya udzu pamapazi pawo.

Msonkhano unayamba 4 koloko masana m'holo ya tauni. Munadzaza mpaka ena anaima kumakoma. Misonkhano yathu ya Firiji timaidziwa mayendedwe ake: aliyense amabwera ndi nambala zake, ndipo palibe amapita kwawo ndi nambala za mnzake. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anawerengetsa mafuta omwe lole imodzi ingatenthe pa zaka zana. Mnyamata wa kugalaja anamuyankha kuti malole a nkhosa amadutsa makumi atatu pa sabata ndipo palibe amawawerenga. Mlimi wina anati iye za zaka zana alibe nazo ntchito, vuto lake ndi fumbi lomwe likulowa mu ubweya wake chaka chino. Mayi wa kusitolo ya mankhwala anafunsa funso lomwe limatisowetsa mtendere tonse: kampaniyo ikadzagwa, anthu makumi asanu ndi atatu ozondokawo adzakhala a ndani? Mafani a kudenga ankangozungulira.

A Kovac atapatsidwa mpata anayankhula bwino, monga mwa masiku onse. Pomaliza anatsitsa mawu, nati sakufuna kukhumudwitsa banja lililonse, koma anthu aganizire mfundo yakuti ngakhale amene ankawatsutsa kwambiri, lero akupuma m'manja mwawo. M'holo munamveka manong'onong'o. Wina kumbuyo anaseka.

Wapampando, Mayi Gillies, anafuna kuthamangitsa nkhani. Anatenga pepala la mayina a otsutsa lomwe linalembedwa mwezi wathawo, n'kuwerenga dzina loyamba asanaganize.

"Mayi Noeleen Trewin."

Mayi Gillies anagwira pakamwa. Anthu ena, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo, tinatembenukira kuchitseko. Sindikudziwa chomwe tinkayembekezera. Kenako mpando unakhuluka pa simenti, ndipo a Clarrie anaimirira n'kuyenda kupita kutsogolo, chipewa chili m'manja. Munthu ameneyu pa zaka zonsezi anali asanayankhulepo pamsonkhano. Ntchito yake inali kunyamula mapepala a mkazi wake ndi kudikira m'galimoto.

"Noeleen sanasaine kanthu," anatero. "Sanadziwe n'komwe. Ndinaimba foni ndine, iye atapita kale. Ndinachita mantha kubwerera ndekha kunyumba ija, basi, palibenso china. Inu amene mukuti anakunamizani, munamizidwe ndi ine. Ameneyu akanakhala kuti amatha kudzuka, bwenzi atadzuka Lamulungu lomwelo kudzanditukwana."

Anatembenukira kwa a Kovac n'kuwauza kuti akonze pepala, mawa m'mamawa abwera kudzatenga mkazi wawo, akamuike pomwe anakhoma zikhomo. Narelle anabisa nkhope m'manja. Anthu anaomba m'manja, ena akupukuta maso, ndipo mayi wa pawailesi uja ankalira mokweza kuposa onse.

Zikanathera pamenepo. Koma kumapeto kwa tebulo la khonsolo kunali a Ferris, mlembi, bambo wowonda amene sanasekepo chiyambire ntchito. Anakweza cholembera. Anati akupepesa, koma ali ndi funso kwa a Kovac: kodi m'thupimo munathiridwa mankhwala? A Kovac anavomera. Anafunsanso ngati angachotsedwe. A Kovac anati ayi, analowa paliponse, ndiye ntchito yake.

A Ferris anatsegula buku lawo. Sanafunikire kuwerenga, chifukwa tonse tinali titakumbuka kale. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo khonsolo inakhazikitsa lamulo lakuti mtembo uliwonse wothiridwa mankhwala usaikidwe pamtunda wosakwana makilomita awiri kuchokera kumtsinje. Panatenga misonkhano khumi ndi umodzi kuti lidutse, ndipo munthu amene anatitopetsa nalo mpaka tinagonja tonse tinkamudziwa. Mpaka lero timalitchula kuti lamulo la Noeleen. Dzenje la Doug linali mamita makumi asanu kuchokera kumadzi.

Narelle anaimirira, koma Mayi Gillies anamutsogolera. Anati malamulo amapangidwa ndi anthu, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yopatula munthu mmodzi pa zifukwa zapadera. Ngati pali munthu woyenera kupatulidwa m'tauni muno, ndi ameneyu. Anapempha kuti ovomereza akweze manja. Manja anakwera holo yonse, a makhansala, a alimi, a mnyamata wa kugalaja. Ngakhale a Kovac anakweza lawo. A Ferris okha anayang'ana m'buku.

"Tsitsani manja," anatero a Clarrie.

"Adadi!"

"Ndati tsitsani. Doug, amwene, mukumukumbuka Tess?"

Doug anagwedeza mutu. Tess anali galu wa a Trewin woweta nkhosa. A Clarrie anafotokoza kuti galuyo atakalamba, dokotala wa ziweto anamubaya jakisoni womugonetsa, ndipo iwo anakamukwirira pansi pa bulugamu kumtsinje, akulira ngati mwana. Noeleen atabwera kuchokera kutauni n'kumva, anawapatsa fosholo. Anati mankhwala a jakisoniyo adzatsikira m'madzi, kapena nkhandwe idzafukula, chiwombankhanga n'kudya n'kufa. Anamufukula madzulo omwewo n'kupita naye kutauni kukawotchedwa.

"Galu anali wake, osati wanga. Anamulera ndi botolo. Njira yonse anamufungatira pamiyendo, akulira kuposa ine. Koma sanati tibwerere." Anapukuta pakamwa ndi chipewa. "Sabata ino ndamulakwira kamodzi. Kawiri ayi."

Manja anatsika limodzilimodzi. Nkhani ya mathanki makumi awiri anaiimitsa kaye, ndipo mpaka pano tikukanganabe.

Panja, pafupi ndi galimoto, Narelle anawauza bambo ake mawu omwe mwana sauza kholo. Anati anawaba mayi ake kuchipatala, anawathira poizoni, ndipo tsopano anthu onse atawatsegulira njira, iwo aitsekanso. Anati ndi ouma mtima ndiponso amantha, zonse ziwiri. A Clarrie anavomera kuti n'zoona. Zimenezi zinamupsetsa mtima kwambiri Narelle, chifukwa pansi pa mtima ankadziwa kuti m'holo muja, kwa mphindi zochepa, anamva mayi ake akuyankhula, ndipo sanali kumbali yake.

Lachisanu m'mamawa a Clarrie anasaina. Nambala inali itafika pa 189. A Kovac anazimitsa makina okha, ndipo kwa nthawi yoyamba anati pepani. Anati padzatenga masiku anayi kuti thupi lifewe bwinobwino, chifukwa kufulumizitsa kungaling'ambe. Maliro anawaika Lachitatu lotsatira, kumanda a tauni, pamwamba pa chitunda chouma chopanda mtengo ndi umodzi womwe, makilomita khumi ndi limodzi kuchokera kumtsinje. Madzulo a Lachisanulo Mayi Beryl anabweranso ndi mbale ina. A Clarrie anatsegula geti n'kuilandira ndi manja awiri.

Narelle sanawayankhule bambo ake tsiku lonselo. Loweruka m'mawa anamva thirakitala ya Doug ikulowera kumtsinje, ndipo anavala nsapato n'kuitsatira. Ankafuna kuliona dzenjelo lisanakwiriridwe. M'chigwa munali nkhungu, yeniyeni ya kumtsinje, yofika m'mawondo, ndipo mitengo yomwe mayi ake anabzala inkaoneka ngati yaima m'malere. Anapeza bambo ake afika kale.

"Zimitsani, amwene," a Clarrie anamuuza Doug. "Lisiyeni."

"Likhala chonchi mpaka liti? Mugweramo nkhosa umu."

"Nditchinga ndi waya. Mwini wake alipo." Anadzigunda pachifuwa ndi chala. "Ndipo ine musadzandithire kanthu."

Doug anakanda m'mutu. Anati chabwino, bola asadzamuimbirenso foni Lamulungu, nayenso amafuna kupuma. Palibe anaseka, koma anazimitsa injini.

Mutakhala bata, anamva kaphokoso kochokera m'dzenjemo, ngati munthu akukanda khoma. Narelle anagwira mkono wa Doug. Onse atatu anasendera n'kusuzumira. Pansi, m'dothi lonyowa, munali achule awiri ndi buluzi wamkulu. Buluziyo ankakwera khoma pang'ono n'kugwa, kukwera n'kugwa.

"Masiku asanu ndi limodzi lili pululu," anatero a Clarrie. "Akanandidya wamoyo."

Anapita pansi pa bulugamu, anakoka nthambi yaitali yomwe inagwa yokha, n'kuitsitsira m'dzenjemo mopendekeka, nsonga imodzi pansi, ina pamwamba. Narelle anaiyang'ana, ndipo anakumbukira kuti pafamu yonseyi, m'chomwera nkhosa chilichonse, m'dzenje lililonse la mzati wa waya, ngakhale m'ndowa yosiyidwa panja, munkakhala kamtengo kopendekeka chonchi. Ali mwana ankayesa kuti timitengoto timangogweramo tokha.

Buluzi anafika pa nthambiyo, anaikanda, n'kutsetsereka.

"Yoterera imeneyo, adadi," anatero Narelle. Anali mawu ake oyamba kwa iwo kuchokera Lachinayi lija. "Amami ankasankha ya makungwa."

Analowa m'nkhungu muja n'kubwerako akukoka ina, yokhakhala. A Clarrie anagwira kumutu kwake, iye kumchira, ndipo anaitsitsa pamodzi mosamala kuti isaphwanye achule. Kenako anabwerera m'mbuyo mapazi angapo, monga mayi ake ankachitira, kuti zithunzithunzi zawo zisagwere m'dzenje, n'kuima phee kudikira.